Mmene mungakwezere malikisi a kuwerenga pa mayeso a SAT

Gawo la kuwerenga pa mayeso a SAT, amene amalembedwa ndi ofunsira malo ku mayunivesite akunja, limagwetsa mphwayi ophunzira amene simungawaganizire n'komwe. Mtsikana anakhoza bwino Chingerezi pa MSCE, nyuzipepala amawerenga osapunthwa, nkhani za pa BBC amazimva zonse, koma akalemba mayeso oyeserera malikisi ake sasuntha. Alembanso ena sabata yotsatira, ali pomwepo. Ambiri akafika apa amagamula kuti Chingerezi chawo n'chochepa, n'kuyamba kuloweza mawu a m'dikishonale. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo.

Vuto limakhala kayankhidwe. Kusukulu tinazolowera kupatsidwa malikisi chifukwa choonetsa zimene tikudziwa: ukadziwa zambiri umalemba zambiri, aphunzitsi n'kuchonga. SAT safunsa zimene mukudziwa. Amakuikirani kandime patsogolo n'kukufunsani chimene kandimeko kanena, osati chimene chikumveka chanzeru, osatinso chimene munaphunzira m'kalasi. Pa mayankho anayi amene amakupatsani lolondola ndi limodzi lokha, ndipo umboni wake umakhala m'mawu a ndimeyo, woti mutha kuuloza ndi chala. Malangizo onse ali m'munsimu ndi ozoloweretsa maso ndi mutu wanu kuchita chinthu chimodzi chimenechi, msangamsanga, funso ndi funso.

Tinene kaye izi kuti wina asaononge ndalama pachabe: mayunivesite aboma a ku Malawi amasankha potengera MSCE, safuna SAT. Mayesowa ndi a amene akufunsira malo kunja, makamaka ku America. Kumeneko mayunivesite ambiri anasiya kuwakakamiza nthawi ya Covid-19, koma ena otchuka anawabwezeretsa: MIT inalengeza mu 2022, Dartmouth, Brown ndi Harvard mu 2024. Onani pa tsamba la yunivesite iliyonse imene mukuifuna musanalembetse, chifukwa ndalama yolembetsera imalipidwa m'madola ndipo si yochepa.

1. Dziwani kaye mmene mayesowa alili

Amawakonza ndi bungwe la College Board, ndipo kuyambira mu Malichi 2023 onse olembera kunja kwa America amalembera pa kompyuta, mu pulogalamu yotchedwa Bluebook. Kuwerenga anakuphatikiza ndi kalembedwe m'gawo limodzi, Reading and Writing, la mafunso 54 m'mphindi 64. Gawoli analidula pawiri: chigawo choyamba mafunso 27 m'mphindi 32, chachiwiri chimodzimodzi. Malikisi ake amayambira pa 200 kulekezera pa 800, ndipo mukaphatikiza ndi a masamu onse pamodzi amafika 1600.

Funso lililonse lili ndi ndime yakeyake, yaifupi, ya mawu apakati pa 25 ndi 150. Choncho buku lokhuthala lija anakusiyirani msuweni wanu, kapena mwaliona likugulitsidwa m'mbali mwa msewu, liyang'aneni bwino. Ngati muli ndime zazitali zodzadza tsamba, iliyonse ndi mafunso 10 kapena 11, ndi la mayeso akale a papepala, aja a mafunso 52 m'mphindi 65. Ndime zake n'zabwino kungowerenga, koma musaphunzirepo kasungidwe ka nthawi.

Chigawo chachiwiri chimatengera mmene mwachitira m'choyamba. Mukakhoza ambiri, kompyuta imakupatsani mafunso ovutirapo, ndipo malikisi apamwamba amapezeka njira imeneyi. Mukaphonya ambiri, imakupatsani opepukirapo, koma ngakhale muwakhoze onse simungafike pamwamba penipeni. Ndiye chigawo choyamba musachitenge ngati choyeserera. Dziwaninso kuti yankho lolakwika sachotsera malikisi, choncho kusiya funso osayankha n'kutaya dala. M'kati mwa chigawo chimodzi mutha kupita kutsogolo ndi kubwerera mmene mukufunira, koma chikangotsekedwa simuchionanso.

2. Lembani mayeso athunthu musanaphunzire chilichonse

Ikani Bluebook pa laputopu ya Windows kapena Mac, kapena pa iPad. Pa foni sigwira. M'menemo muli mayeso oyeserera aulere opangidwa ndi eni ake enieni. Khalani pamalo opanda phokoso, foni ili kutali, ndipo musaimitse wotchi ngakhale wina agogode pakhomo. Malikisi amene mupezewo asakusowetseni tulo. Ntchito yake ndi kukuonetsani poyambira.

Ngati mulibe laputopu, College Board amaikanso mayeso oyeserera pa tsamba lawo ngati PDF, oti mutha kukasindikiza. Awa sasintha potengera kakhozedwe kanu, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mafunso 33 m'mphindi 39. Amathandiza ndithu, koma yesetsani kubwereka makina kangapo tsiku lisanafike, chifukwa kuwerenga pa sikirini kumatopetsa maso mosiyana ndi pepala. Alangizi a EducationUSA, amene amagwira ntchito pansi pa ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, amapereka uphungu wa zonsezi kwaulere. Musachite manyazi kukafunsa.

Kenako sankhani nambala imene mukuifuna. Kungoti "ndikufuna kukhoza bwino" sikukuthandizani. Mayunivesite ambiri a ku America amatulutsa chikalata chotchedwa Common Data Set chaka chilichonse, ndipo pa gawo C9 amalembapo malikisi a SAT a ophunzira amene analowa chaka choyamba. Lembani dzina la yunivesite pamodzi ndi mawu amenewa pa Google. Mukapeza kuti ambiri kumeneko ali pakati pa 650 ndi 720 pamene inu muli pa 560, mwadziwa kutalika kwa ulendo wanu, ndipo mwadziwa kuti si wa masabata awiri. Dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu.

3. Kope la zolakwa

Apa ndi pamene malikisi amakwerera, ndipo ndi pomwenso ambiri amalumpha chifukwa n'potopetsa. Kulemba mayeso atsopano kumakoma, kumaoneka ngati ntchito ikuyenda. Kubwerera ku funso limene lakuchititsa manyazi sikukoma. Koma munthu amene walemba mayeso asanu osaunika zolakwa zake wangobwereza zolakwa zomwezo kasanu.

Gulani kope wamba. Funso lililonse limene mwaphonya lilowe m'menemo, ndiponso lililonse limene mwakhoza mwamwayi, chifukwa mwayi umenewo sudzabweranso tsiku la mayeso. Musathamangire kuwerenga mmene eni ake alifotokozera. Yambani mwalibwereza nokha, popanda wotchi. Ngati muli ndi mnzanu wophunzira naye, iye akuchongereni n'kungokuuzani manambala a mafunso amene mwaphonya, osakuuzani mayankho. Mukalikhoza ulendo wachiwiriwu, ndiye kuti linakugwetsani ndi phuma kapena kuchepa kwa nthawi. Mukaliphonyanso, ndiye kuti simunaimvetse ndimeyo kapena simukuudziwa mtundu wa funsolo, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Pansi pa funso lililonse lembani mtundu wake, kenako koperani mawu enieni a m'ndime amene akutsimikiza yankho lolondola, monga mmene alili. Mukalephera kuwapeza, simunalimvetsebe funsolo, musapitirire. Kenako lembani chimene chinakukopani pa yankho lolakwika lija. Ichi ndicho chofunika kuposa zonse, ndipo "sindinasamale" si chifukwa ayi. Lembani zenizeni, motere: "Ndinasankha C chifukwa muli liwu lakuti climate limenenso lili m'ndime, koma C akunena chimene chinayambitsa, pamene funso likufuna zotsatira." Kapena motere: "Sindinaone liwu lakuti rarely, ndinawerenga ngati chinthucho chimachitika kawirikawiri." Malizani ndi mzere umodzi wonena chimene mudzachite mukadzakumana ndi funso lotere.

Pakatha masabata awiri, werengani kope lonse kuyambira tsamba loyamba. Mudzadabwa kuona kuti simulakwa mosiyanasiyana. Mumalakwa mofanana, m'njira ziwiri kapena zitatu zokha zimene zimangobwerabwera. Wina amagwa nthawi zonse pa magalafu, wina pa ndakatulo, wina amasankha mayankho okokomeza. Mukadziwa zanu, pitani ku Student Question Bank ya College Board, kumene mungasankhe mafunso potengera mtundu ndi kuvuta kwake, kapena ku Khan Academy, amene maphunziro awo a SAT anawakonza mogwirizana ndi College Board. Zonse ziwiri n'zaulere, zimangodya bandulo. Yankhani mafunso a mtundu umene ukukuvutaniwo okhaokha, khumi patsiku, mpaka mutayamba kuuzindikira msampha musanauponde.

Mayeso athunthu a mu Bluebook ndi owerengeka, musawamalize mwezi umodzi. Amodzi pa masabata awiri aliwonse akwanira, ndipo nthawi yowaunika ichuluke kuposa imene munawalembera.

4. Kayankhidwe ka funso limodzi

Werengani funso kaye, ndime pambuyo. Popeza ndime iliyonse ili ndi funso limodzi, palibe chifukwa choiwerengera musanadziwe chimene mukusaka. Mukatha kuiwerenga, musayang'ane mayankho anayi aja. Nenani kaye yankho lanu m'mawu anuanu, ngakhale m'Chichewa, ndipo ngati maso akukuthawani phimbani mayankhowo ndi dzanja. Mayankho olakwika amalembedwa ndi akatswiri kuti azioneka okoma. Mukawafikira m'mutu mulibe kanthu, amakutsogolerani ndi iwo.

Nachi chitsanzo chimene ndapeka, chofanana ndi mafunso amene amabwera koyambirira kwa chigawo, otchedwa Words in Context:

People who fished the lake had long assumed that the small fish arrived at random. Records kept over many seasons, however, showed that the arrivals were remarkably ______: the shoals appeared within the same two weeks each year.

Mawu oti musankhepo ndi abundant, predictable, brief ndi profitable. Wophunzira wothamanga amaona nsomba, amakumbukira usipa utadzadza pa thandala, n'kusankha abundant. Chiganizo chikumveka bwino ndithu. Koma lozani chala: ndi pati pamene ndimeyi yanena za kuchuluka? Palibe. Yanena kuti anthu ankaganiza kuti nsombazi zimangofika mwachisawawa, kenako pabwera however, kusonyeza kuti zotsatirazo zikutsutsa ganizo limenelo. Pambuyo pa mpata pali timadontho tiwiri tija, colon, ndipo mawu amene akutsatira akumasulira liwu losowalo: zimafika masabata omweomwewo chaka ndi chaka. Mukanayankha nokha mukanati "nthawi yake imadziwikiratu." Ameneyo ndi predictable. Brief akukopa chifukwa cha two weeks, koma ndimeyi sikunena kuti nsombazo zimakhala nthawi yochepa, ikunena nthawi imene zimafika. Profitable ndi nzeru zanu za malonda, m'ndimemo mulibe.

Mafunso a mawuwa amakhala choncho nthawi zonse: tanthauzo la liwu losowa limakhala litanenedwa kale penapake pafupi, mwina mofanana, mwina motsutsana. Ndipo mawu ovutitsa si aataliatali okha. Ena ndi mawu wamba amene ali ndi tanthauzo lachiwiri. Novel approach ndi njira yatsopano, palibe za buku. Sound argument ndi mfundo yolimba. To qualify a claim n'kuichepetsa mphamvu mfundoyo poiikira malire. To check the spread of a disease n'kuletsa matenda kufala. Onjezani aneni amene akatswiri amagwiritsa ntchito akamatsutsana, monga undermine, corroborate, concede ndi refute, chifukwa amapezeka m'mafunso ngakhalenso m'mayankho. Liwu lililonse latsopano lilembeni pamodzi ndi chiganizo chimene mwalipezamo. Liwu lolowezedwa palokha silichedwa kuiwalika.

5. Mukatsala ndi mayankho awiri

Pa mafunso ovuta mudzatsala ndi awiri pafupifupi nthawi zonse. Zikatero lekani kufunsa kuti labwino ndi liti. Funsani kuti lolakwikalo lalakwa pati, chifukwa liwu limodzi lokha lopanda umboni limaononga yankho lonse.

Tiyerekeze kuti ndime ikukamba za ofufuza amene apeza kuti mitengo ina ikabzalidwa m'munda wa chimanga may improve soil fertility in some dry areas. Funso likufuna mfundo yaikulu ya ndimeyo. Yankho loyamba likuti mitengoyi imachulukitsa zokolola kulikonse kumene yabzalidwa. Lachiwiri likuti masamba ake akayoyoka amathira nayitirojeni m'nthaka. Lachitatu likuti alimi asiye kugula feteleza. Lachinayi likuti m'madera ena ouma mitengoyi ingathe kuthandiza chonde.

Loyamba lakokomeza: ndime yati may ndi some, ilo lati kulikonse. Lachitatu lalumpha kukapereka malangizo amene wolemba sanapereke. Lachiwiri ndilo loopsa kwa inu amene munaphunzira Agriculture ndipo mtengo wa msangu mumaudziwa, mwinanso uli m'munda wa kwanu. Zimene likunena n'zoona, koma ndime sinanene, ndipo pa mayeso amenewa choonadi chimene ndime sinanene ndi yankho lolakwika. Lachinayi likuoneka lofooka, ngati silikunena chachilendo chilichonse, ndipo ndilo lolondola. Zolowerani zimenezi. Yankho lolondola nthawi zambiri silisangalatsa, limangobwereza zimene ndime yanena m'mawu ena.

Choncho mukaona always, never, all, only kapena proves m'yankho, imani mubwerere m'ndime mukaone ngati wolemba analankhuladi mwamphamvu chotero. Nthawi zina amakhala atatero, ndiye musalikane yankho chifukwa cha liwu lokhalo. Koma olemba za sayansi ndi mbiri amakonda may, often, some ndi suggests, ndipo yankho liyenera kulemera mofanana ndi mawu awo.

Misampha ina iwiri muidziwenso. Pali yankho limene limakopera mawu a m'ndime ndendende koma n'kutembenuza ubale wake, choyambitsa n'kusanduka chotsatira. Palinso limene theka loyamba n'loona koma kumapeto labisa bodza. Werengani yankho lililonse mpaka liwu lomaliza. Mu Bluebook muli batani lokhwachira mayankho amene mwawakana, ndiponso chida chopakira utoto mawu a m'ndime. Zigwiritseni ntchito poyeserera kuti tsiku la mayeso dzanja lidzakhale litazolowera.

6. Ndime zimene zimaopseza

Ndime za sayansi zimabwera ndi mayina a Chilatini a tizilombo, zomera kapena mankhwala. Musalimbane n'kuwatchula. Litchuleni dzinalo ndi chilembo chake choyamba n'kupitirira, chifukwa funso silifuna kuti mulidziwe. Chimene likufuna ndi ganizo la wofufuzayo. Mukaona funso lakuti "Which finding, if true, would most directly support the hypothesis?" lembani ganizolo pa pepala lokandapo m'mawu ochepa: chakuti chimachititsa chakuti. Yankho lolondola liyenera kukhudza mbali zonse ziwiri. Limene likukamba mbali imodzi yokha, kapena likungonena chinthu chosangalatsa chokhudza nyamayo, likhwacheni. Onetsetsaninso ngati funso lati support kapena weaken, chifukwa yankho la linalo limakhalapo pa anayiwo, likukudikirani.

Pa magalafu ndi matebulo a manambala, yambani ndi mutu wake, mayina a m'mbali mwake ndi miyezo yake. Kawirikawiri mayankho awiri kapena atatu amakhala atawerenga manambala molondola, koma limodzi lokha ndi limene likuchirikiza mfundo ya m'ndime. Kungoona kuti nambala ilipodi pa galafu n'kusankha ndiye kugwa kumene.

Pakakhala ndime ziwiri, Text 1 ndi Text 2, lembani maganizo a wolemba aliyense m'mawu osapitirira asanu musanayang'ane mayankho. Musaganize kuti awiriwo akukangana kotheratu. Nthawi zambiri wachiwiri amavomereza zimene woyamba waona koma n'kukana chifukwa chimene wapereka.

Mafunso akuti "Which choice most logically completes the text?" amafuna phazi limodzi lokha kuchokera pamene ndime yalekezera. Yankho limene likufuna kuti muonjezere nzeru zanu kuti limveke lapita patali.

Ndiye pali ndime za m'mabuku akale ndi ndakatulo, zina za m'zaka za m'ma 1800, za ziganizo zazitali zokhotakhota. Zimenezi zimavuta ngakhale ana obadwira ku America. Pezani mwininkhani ndi mneni wamkulu wa chiganizo, zapakatizo muzidumphe kaye. Dzifunseni kuti akulankhula ndani, akumva bwanji mumtima, ndipo zasintha pati. Kusinthako kumakhala pa but kapena yet. Simukuyenera kumvetsa mzere uliwonse kuti muyankhe funso limodzi.

7. Musaiwale theka linalo

Popeza malikisi a kuwerenga ndi a kalembedwe amaphatikizidwa, njira yachidule yokwezera nambala yanu ili pa mafunso a galamala, amene pamodzi ndi a kalumikizidwe ka maganizo amakwana pafupifupi theka la gawo lonse. Malamulo ake ndi ochepa ndipo amabwerezedwa. Mpatuliro wokha sungalumikize ziganizo ziwiri zoima pazokha, pamafunika mpumiro, semicolon (;), kapena mpatuliro wotsatana ndi mlumikizi monga and kapena but. Colon imabwera pambuyo pa chiganizo chathunthu. Mneni agwirizane ndi mwininkhani weniweni, osati dzina limene langoyandikana naye: The quality of the roads in both districts is poor, osati are. Masabata awiri olimbikira pa malamulo amenewa amabweza malikisi msanga kuposa china chilichonse.

Pa mafunso a mawu olumikizira Chichewa chimakuthandizani. Werengani chiganizo choyamba ndi chachiwiri, n'kuyesa kuika pakati pake "koma", "choncho", "komanso" kapena "mwachitsanzo". Khutu lanu likuuzani loyenera. Mukatero sakani mnzake pa mayankho: however ndi nevertheless ali kwa "koma", therefore ndi consequently kwa "choncho", moreover ndi furthermore kwa "komanso".

Mafunso omalizira amakupatsani timfundo ta wophunzira n'kukufunsani chiganizo choyenera. Zili ngati note-making ya pa MSCE yotembenuza. Musataye nthawi kuwerenga timfundo tonse poyamba. Pitani pa chiganizo chonena cholinga, monga "The student wants to emphasize a difference between the two bridges," n'kusankha yankho limene latchula milatho yonse iwiri ndi kusiyana kwake. Enawo akhoza kukhala oona, koma sakuchita ntchito imene yafunsidwa.

8. Nthawi

Mphindi 32 pa mafunso 27 ndi masekondi pafupifupi 71 pa funso, koma musawagawe mofanana. M'chigawo chilichonse mafunso amabwera mwadongosolo lomwelo: a mawu poyamba, a kumvetsa ndime ndi umboni pakati, a galamala, a mawu olumikizira ndi a timfundo kumapeto. Olemetsa ali pakati, opepuka ali kumapeto. Wophunzira amene wakakamira pa funso la nambala 12 kwa mphindi zinayi amathera nthawi pa mafunso amene akanawakhoza mosavuta. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ena amayankha a mawu, n'kudumphira ku galamala mpaka kumapeto, kenako n'kubwerera ku olemetsa aja ndi nthawi yotsala. Njira imeneyi ndimaikonda, koma muiyese poyeserera, osati kuiyamba tsiku la mayeso. Kaya mutsata iti, funso likakudyerani mphindi ziwiri sankhani limodzi mwa otsalawo, dinani batani la Mark for Review loika chizindikiro pa funso loti mudzalibwerere, pitirirani. Sankhani kaye musanachoke, chifukwa mwina nthawi yobwerera sidzapezeka.

Chimene chimadya nthawi mwakachetechete ndi kumasulira chiganizo chilichonse m'mutu, ndiponso kubwereza chiganizo chimodzi katatu chifukwa cha liwu limodzi losadziwika. Pitirirani mpaka kumapeto kwa ndime. Kawirikawiri chiganizo chotsatira chimamasulira chimene chinakuvutanicho.

9. Kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku

Njira zonsezi zimathandiza munthu amene akuwerenga. Patulani mphindi 30 tsiku lililonse muwerenge zinthu zokuvutani pang'ono, osati zimene mumazimva mosavuta. Nkhani za ndale za m'nyuzipepala zathu mumazidziwa kale mutu wake, choncho siziphunzitsa zambiri. Sakani za sayansi, za mbiri, za luso ndi za chikhalidwe cha anthu akutali, monga zimene zimatuluka mu Science News kapena Smithsonian Magazine pa intaneti. Za Chingerezi chakale, Project Gutenberg ali ndi mabuku aulere oti mutha kuika pa foni n'kumawerenga mu minibasi, ndipo malaibulale a National Library Service alipo m'matauni.

Koma musamangoyendetsa maso. Mukatha ndime iliyonse imani, nenani m'chiganizo chimodzi chimene yanena, ndiponso ntchito imene ikugwira: ikupereka ganizo, ikupereka umboni, kapena ikutsutsa zimene zanenedwa pamwamba? Mafunso a Text Structure and Purpose amafunsa zimenezi ndendende. Mukakhala awiri zimakoma: wina anene mfundo ya ndime, mnzake amuuze kuti "loza pamene zalembedwa."

10. Masiku omaliza ndi zotsatira

Sabata yomaliza musaphunzire zatsopano. Werengani kope lanu la zolakwa, makamaka mizere yomaliza ija. Masiku asanu mayeso asanachitike Bluebook imatsegula ndondomeko yokonzera makina anu yotchedwa exam setup, ndipo mukaimaliza mumalandira tikiti yolowera. Chitani zimenezi msanga, pamene intaneti ndi magetsi zilipo. Laputopu ikhale yoti batire lake litha kupirira maola atatu, muitchaje usiku wake ndipo tchaja munyamule. Ngati mulibe makina, College Board amabwereketsa, koma pempho liyenera kupita masiku osachepera 30 tsiku la mayeso lisanafike. Dzina la pa chiphaso chanu lifanane ndendende ndi limene munalembetsa. Intaneti ikaduka mayeso ali m'kati musachite mantha, pulogalamuyo imasunga mayankho anu ndipo mumapitiriza kulemba.

Chigawo chachiwiri chikakhala chovuta kuposa choyamba musataye mtima, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti choyamba munachita bwino.

Zotsatira zimatuluka pakatha pafupifupi masabata awiri, ndipo zimaonetsa mmene mwachitira pa magulu anayi a mafunso: Information and Ideas, Craft and Structure, Expression of Ideas ndi Standard English Conventions. Ngati nambala sinafike pamene mumafuna, yerekezani gulu limene latsikalo ndi zimene zili m'kope lanu musanalipirenso. Mayunivesite ambiri amatenga malikisi apamwamba a gawo lililonse kuchokera m'maulendo osiyana, zimene amati superscore, choncho ngati masamu anatuluka bwino, ulendo wachiwiri mphamvu zanu zambiri zipite pa kuwerenga. Tsimikizani kaye pa tsamba la yunivesiteyo kuti imachitadi zimenezi, ndipo muwerengere kuti zotsatira zatsopanozo zidzatuluke tsiku lotsekera kulandira mafomu lisanakwane.